Makoko a Buledi wa Mgonero

Linali botolo lobiriwira, lalifupi khosi, lotsekera chitsononkho. Linkakhala kuseri kwa mtsuko wa madzi, pangodya pamene dzuwa silinkafikapo, ndipo munthu akalowa m'nyumba mwathu m'mawa ankayamba kulimva ndi mphuno asanalione. Fungo lake linali lowawasa, lokwera mpaka kumutu. M'katimo munali madzi otuwa ochita thovu, ndipo ukaika khutu pakhosi pake unkamva kaphokoso kuti tsiii, ngati muli kanthu kamoyo. Amayi ankati ndi chotupitsa. Popanda madzi amenewo buledi wawo sakanafufuma.

Botololo ndili nalo mpaka lero. Lili pawindo kuno ku Chirimba, ndipo adzukulu anga amaikamo maluwa a pabwalo, osadziwa kanthu. Ine ndikaliyang'ana nthawi yaitali ndimayamba kufunafuna ntchito ina yoti ndigwire. Nkhalamba yonseyi, imvi mbuu, kuchita manyazi ndi botolo! Koma akuluakulu sananame, mlandu suwola.

Tinkakhala cha ku Kanjedza, kumunsi kwa mitengo ya bulugama, masiku amene Limbe anali siteshoni ya sitima, timasitolo ta Amwenye ndi matope basi. Abambo anapita ku Halale ine ndili kumsana. Makalata anabwera awiri, kenako zii. Pakhomo tinatsala amayi ndi ine, kuwonjezerapo amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankabwera Loweruka lililonse. Iwowa ankakoka gareta ku Blantyre, kangolo kokwera azungu kaja. Ankafika ali wefuwefu, zidendene zitang'ambikang'ambika, koma pakamwa pokha sipankatopa.

Amayi ali mtsikana anagwirako ntchito kukhitchini kwa dona wina wachizungu m'tauni. Anachokako ndi zinthu ziwiri, chipsera padzanja ndi botolo lija. Uvuni anaumba okha kuseri kwa nyumba ndi dothi la pachulu, ndipo chitseko chake chinali chidutswa cha debe. Ankasonkha moto m'katimo mpaka dothi litayera, n'kupala makala onse, kenako n'kulowetsa mkono uku akunong'ona kapemphero kawo kakafupi. Mkono ukapirira mpaka pa ameni, ndiye kuti moto wakwana. Ukathawa pakati, ankadikira pang'ono n'kuyambanso.

Botolo lija linkafuna kudyetsedwa ngati mwana. Ankanyenya mbatata ya kachewere yophika, n'kuthira kashuga, kachimera pang'ono ndi madzi ofunda. M'mawa mwake ankadonthezera dontho limodzi pachikhatho, n'kukhudzitsa lilime, n'kulavula panja. "Lili moyo," ankatero. Tsiku lina anagwira dzanja langa, n'kudonthezera pachikhatho changa, n'kundiuza kuti ndilawe. Ndinachita tsinya, iwo n'kuseka. Anati kuwawasa kumeneko ndiko kwabwino, koma kukayamba kununkha ngati nsanza yonyowa ndiye kuti lafa. Ndikufotokoza zonsezi kuti pasakhale wondiikira kumbuyo. Ndinkadziwa chimene chinali m'botolo muja, ndipo ndinkadziwa kuti amayi sankameza.

Azimayi a mumpingo ankalikonda khonde lathu. Wina mwamuna wamuthawa, wina mwana sakupeza bwino, wina wapita padera kachiwiri. Amayi sankadziwa kuwerenga, choncho panalibe buku loti atsegule. Ankangopitiriza kukanda ufa uku akumvetsera, kenako n'kufunditsa beseni ndi nsalu, n'kunena kuti, "Achemwali, ufa uwu sufufuma mukamauvundukula pafupipafupi. Funditsani, mukagwire zina. Mwini wake sagona." Mawu amenewa ndinawamva mpaka kundikwana. Koma azimayiwo ankanyamuka atapukuta misozi, ndipo aliyense ankapita ndi kachidutswa ka buledi m'tsamba la nthochi.

Apa ndiye panali nkhondo yanga. Buledi ankapsa kwathu, koma ankadyedwa kwina. Ufa wa tirigu unali wosowa, ndipo ukapezeka unali kale ndi eni ake, odwala ndi olira. Ndiye panalinso Mgonero. Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, chofolera udzu, ndipo abusa ankabwera mwa apo ndi apo. Akamayandikira kubwera, akulu a mpingo ankatumiza ufa kwathu, chifukwa m'dera lonselo wodziwa kuphika buledi wa Mgonero anali amayi okha. Akaphula, ankasenga makoko onse ndi mpeni, n'kudula chapakati choyeracho m'timagawo ting'onoting'ono, n'kukulunga m'nsalu yoyera. Makoko aja ndiwo anali athu. Mwana wa wophika buledi, koma kumangojompha makoko ngati nkhuku! Ine ndinkafuna chapakati, chofewa chija.

Chaka chimene ndikunenachi abusa analengeza kuti adzabwera pa Khirisimasi penipeni, ndipo Mgonero udzachitika tsiku lomwelo. Mvula inali itayamba bwino. Chimanga chinali m'mawondo, ngumbi zinkatuluka masana dzuwa likangowala, ndipo nkhuni zonse zinali zonyowa, moti utsi wa bulugama unkakakamira m'tsitsi sabata yathunthu. Kusukulu tinkaphunzira nyimbo. Aphunzitsi anatiuza kuti pa tsikulo ana tidzalowa m'tchalitchi pamzere tikuimba, ndipo mmodzi adzatsogola atanyamula nyali yoyaka. Anali asanasankhe munthu. Ine nyali imeneyo ndinkachita kuilota.

Aphunzitsi anali munthu wamtali, wowonda, wovala jekete ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndipo analinso mkulu wa mpingo. Sindikufuna kuwanamizira, ndanamizira kale munthu mmodzi ndipo nzokwana. Sanali woipa mtima. Bambo awo anafera m'ngalande akuchokera kumowa, choncho mowa ankadana nawo ndi mtima wonse. Lamulo la mpingo linali lakuti Mkhristu wofulula kapena wakumwa ankadulidwa, osadyanso Mgonero, n'kumakhala pabenchi la kumbuyo. Chinthu china chimene aphunzitsi ankadana nacho chinali bodza. Mwana wonamizira munthu wamkulu ankakwapulidwa pamaso pa sukulu yonse, dzina lake n'kufufutidwa m'kaundula, osabweranso. Amayi lamulo limeneli ankalidziwa bwino, chifukwa sukulu yanga inali chuma chawo chokha. Ankakonda kunena kuti, "Iwe udzalemba kalata ndi dzanja lako, osati kumakapempha anthu ngati ine."

M'mawa wa tsiku latsokalo amayi anaphula kabuledi kamodzi kopita kwa mayi wina wodwala chifuwa. Anakaika pa lichero kuti kazizire. Ine ndinaboola kunsi ndi chala, n'kukumba chapakati, n'kukabwezera bwinobwino ngati sipanachitike kanthu. Atakanyamula, kanangofwaphira m'manja. Sanandimenye. Anangondigwira khutu pamaso pa mlendo amene anali pakhonde, n'kunena motsitsa kuti, "Wadya chakudya cha wodwala." Bwenzi atandikwapula. Ndinapita kusukulu khutu likutentha, mtima uli biii, ndikuponda matope mwadala.

Tsiku limenelo aphunzitsi analankhula za mowa. Anati Khirisimasi ikuyandikira, ndipo m'makomo ambiri mbiya zayamba kale kubisidwa kuseri kwa nkhokwe. Anafunsa ngati pali mwana wolimba mtima woti anene zoona za kwawo. Mnyamata wina anaimirira, n'kunena kuti azakhali ake afulula. Aphunzitsi anamuitanira kutsogolo, n'kumuika dzanja pamutu, n'kunena kuti ameneyu ndiye mwana wa kuunika. Azakhali akewo sanali n'komwe a mumpingo, ndiye palibe chimene anataya. Koma ine ndinaona dzanja lija pamutu pake, ndinaganiza za nyali, ndipo khutu langa linali likadatentha. Ndinangoona mkono wanga uli m'mwamba.

Ndinati amayi ali ndi botolo limene amabisa kuseri kwa mtsuko. Anandifunsa ngati limachita thovu, ndinati inde. Anandifunsa ngati amathiramo chimera, ndinati inde. Mpaka apa ndinali ndisananame, ndipo ndikanatha kuima pomwepo n'kunena kuti n'chophikira buledi. Maso a kalasi yonse anali pa ine, chinthu chimene chinali chisanandichitikirepo. Kenako aphunzitsi anawerama, n'kufunsa pang'onopang'ono kuti, "Kodi amamwa?" Ndinayankha kuti, "Inde, m'mawa uliwonse." Ndinawonjezera ndekha mawu akuti m'mawa uliwonsewo, palibe anandipempha. Dzanja lija linatera pamutu panga, ndipo tisanaweruke anandiuza kuti nyali ndidzanyamula ndine.

Anabwera patapita masiku awiri, masana, mvula itangokata. Anali atatu, aphunzitsi ndi akulu ena awiri, mmodzi wa iwo nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Amayi anawayalira mphasa pakhonde, n'kugwada chapatali kuwalonjera, akuganiza kuti abwera ndi ufa wa Mgonero. Ine ndinali pakhomo, theka m'nyumba theka panja. Atamva chimene abwerera, amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi botolo lija atalinyamula ndi manja awiri. Mkulu wina anazula chitsononkho, thovu n'kukwera, fungo n'kudzaza khonde lonse. Anagwedeza mutu n'kupatsira mnzake.

Amayi anafotokoza modekha. Anatchula mbatata, shuga ndi chimera, n'kunena kuti supuni zochepa za madziwo ndizo zimakweza ufa. Nkhalamba ya ndodo ija inafunsa modabwa kuti, "Ndiye kuti buledi amene takhala tikudya pa gome la Ambuye zaka zonsezi amafufuma ndi zimenezi?" Amayi anavomera, n'kunena kuti ngakhale kwa azungu amachita chimodzimodzi. Nkhalambayo inayamba kuseka chamumtima, ndipo ndinaona kuti nkhani ikufuna kutha. Koma aphunzitsi sanaseke. Anati, "Mayi, za buledi tamva. Koma mwana wanu wanena pamaso pa anzake kuti mumamwa m'mawa uliwonse. Ngati wanama, tiuzeni pompano. Lamulo la sukulu mukulidziwa."

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye, sanandiloze, anangondiyang'ana kanthawi kochepa ngati mmene ankayang'anira ufa pofuna kuona ngati wakwera. Ine maso ndinagwetsa pansi, ndikuyang'ana nyerere zimene zinkadutsa pamphasa. Ndinkadikira ndodo, ndinkadikira kaundula, ndinkadikira nyali ikupita kwa wina. Kenako ndinamva mawu awo, osanjenjemera n'komwe. "Mwana wanga wanena zimene anaona. Ndimaika pakamwa." Aphunzitsi anafunsanso ngati ndi m'mawa uliwonse. Amayi anati, "Ndi momwemo."

Sanawonjezere kuti amalavula. Mawu amodzi okhawo akanawapulumutsa, ndipo anali nawo pakamwa. Anawameza.

Akuluwo anakhuthula botolo lija patsinde pa mtengo wa mango. Madzi amene anadyetsedwa zaka zonse kuyambira amayi ali mtsikana analowa m'dothi lonyowa, n'kusiya kathovu koyera pamwamba. Madzi akatayika sawoleka. Anawabwezera botolo lopanda kanthu, n'kuwauza kuti adulidwa mpaka nthawi yokolola, ndipo ufa wa Mgonero upita kwina. Amayi anawomba m'manja mwaulemu, n'kuwaperekeza mpaka pamsewu monga ankachitira ndi alendo onse. Atabwerera anatsuka botololo, n'kulivundikira padzuwa, n'kundituma kukatunga madzi. Ndinapita ndikuthamanga, mtima uli m'malo, abale inu, ndikuthokoza kuti ndapulumuka.

Loweruka amalume anafika nkhani ataimva kale ku Limbe. Analowa pabwalo akukalipa asanakhale n'komwe pansi. "Achemwali, mwapenga? Inu amene ngakhale thobwa logona mumalitaya? Ine ndimamwa poyera, palibe anandidulapo, poti sindinalumikizidwe n'komwe. Koma inu?" Atandiona anathyola kanthambi ka bulugama. Amayi anaimirira pakati pathu, n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu musamukhudze." Amalume anaponya kanthambiko, n'kutulutsa kathumba ka ufa wa tirigu m'malaya mwawo. Anali atagula kale kwa Mmwenye asanamve nkhaniyo, kuti chaka chimenecho ine ndidye chapakati pa Khirisimasi. Anakaponya pamphasa. "Mudye ndi kamboni kanuko," anatero. Kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo dzina langa kwa iwo linali kamboni.

Khonde lathu linazizira. Azimayi aja ankadutsa pamsewu atasenza mitsuko, n'kupereka moni chapatali maso ali kwina. Mmodzi yekha, amene anapita padera uja, ankabwera podzera kuseri, n'kukhala pafupi ndi uvuni wozizira. Ndinamva amayi akumuuza mawu omwe aja a kufunditsa ufa, ngati kuti wovutika ndi mlendoyo. Lamulungu amayi anavala nsalu yawo yabwino, n'kukakhala pabenchi la kumbuyo pafupi ndi khomo, pamene denga linkadontha. Ine ndinakhala kutsogolo ndi ana anzanga, khosi lili njo, osacheuka.

Ufa wa Mgonero anaupereka kwa akazi awo a aphunzitsi. Mayi ameneyu anali wodziwa kuphika chigumu, koma buledi anali asanakandepo. Anathira soda, n'kuika mumphika, moto pansi moto pamwamba. Chimene chinatuluka, anthu ankati mukhoza kumangira nacho nyumba. Anayesanso ndi ufa wotsala, zinakhala chimodzimodzi, ndipo ufa unatha kutatsala masiku awiri kuti abusa afike. Nkhaniyo inafika kwathu kudzera pachitsime, anthu akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse, poganiza kuti amayi akondwa. Iwo sanaseke. Anati, "Mayi uja sanagone ndi manyazi." Kenako anatenga botolo lija, n'kulikulunga m'kansalu, n'kundipatsa.

Anandituma ku Limbe kwa mkazi wa atelala. Banja limeneli linali la Chisilamu, Ayao, ndipo mwamunayo ankasoka pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteshoni. Kalekale amayi anagawirako mayiyu chotupitsa chawo, n'kumuphunzitsa kudyetsa kwake. Ndinayenda m'kamvula kowaza, botolo lili pamtima, ndikudumpha madzi a m'tinjira ta ngolo. Sitima inali ikulira pasiteshoni, malasha akununkha. Mayi uja atandiona ndi botolo lopanda kanthu sanafunse chilichonse. Anangoti, "Limbe ndi wamng'ono, mwanawe, tamva." Anathira kuchokera mumtsuko wake mpaka theka, n'kutseka yekha ndi chitsononkho chatsopano. "Ukawauze amayi ako kuti chawo chabwerera kwawo." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa bango limodzi lakupsa. Ndinalidya m'njira lonse. Ngakhale manyazi a tsiku limenelo ndinachita kudzawamva nditakula.

Amayi analidyetsa botolo lija madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwake linali likulira tsiii. Anadonthezera pachikhatho ine ndikuona, n'kukhudzitsa lilime, n'kulavula panja monga mwa masiku onse. Sanabisale, sanandiyang'anenso. Kenako anamasula kathumba ka amalume kaja. Nditaona nsalu yoyera ya Mgonero itachapidwa ili pachingwe, ndinazindikira kumene ufawo ukupita, ndipo ndinalira mokuwa. Ndinati ufawo ndi wanga, amalume anagulira ine. Tangoganizani, ine amene ndinawachotsa pa gome, kulirira ufa! Amayi anangoti, "Anthu abwera kuchokera kutali, ena ndi okalamba. Akadye njerwa?" Anapitiriza kukanda, chipsera chija chikuwala padzanja.

Nkhuni zinali zonyowa, ndipo moto unavuta mpaka maso awo anafiira ndi utsi. Koma unayaka. Anapala makala, n'kulowetsa mkono, milomo ikugwedera mpaka pa ameni. Buledi wa tsiku limenelo sindinamuonenso wina wofanana naye. Anakwera mpaka kupitirira chitini, pamwamba pali psuu, ndipo atamugogoda kunsi analira ngati kang'oma. Fungo linafika mpaka kumsewu. Atazizira, anakhala pamphasa ndi mpeni, n'kusenga makoko mosamala, n'kuwaika m'kambale pambali. Chapakati anadula timagawo tofanana, n'kukulunga m'nsalu yoyera. Iwo sakanatha kupita nazo okha, poti anali wodulidwa. Anasenzetsa ine.

Aphunzitsi ndinawapeza pakhonde pawo akupukuta nyali ija. Ndinagwada, n'kupereka mtolowo ndi manja awiri. Anavundukula ngodya imodzi, fungo n'kuwafika. Ankadziwa bwino lomwe kuti buledi safufuma chonchi ndi pemphero lokha, ndipo botolo analikhuthula iwo omwe. Koma sanafunse. Akazi awo anasuzumira pakhomo, n'kubwerera m'nyumba atagwira pakamwa. Aphunzitsi anayamba kunena kuti, "Ukawauze amayi ako kuti..." n'kulekera pomwepo. Ndinadikira, koma sanamalize. Kunyumba amayi atandifunsa kuti anena chiyani, ndinati palibe. Anati chabwino.

Pa Khirisimasi tchalitchi chinadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Makoma anawakongoletsa ndi masamba a kanjedza ndi maluwa ofiira. Tinalowa pamzere tikuimba, ine patsogolo, nyali m'manja, diresi langa litasitidwa ndi amayi m'bandakucha. Polowa pakhomo ndinadutsa pafupi penipeni ndi benchi lawo, moti nsalu yawo inandikhudza mwendo. Sindinawayang'ane. Ndinkaopa kuti anthu akumbukira kuti ndine mwana wa mayi wodulidwa. Mawu amenewa ndawalemba ndi dzanja langa, dzanja lomwe iwo analipulumutsa, ndipo ndaima kaye kuti ndipume.

Itafika nthawi ya Mgonero, abusa anavundukula nsalu yoyera ija, ndipo akulu anayamba kuyenda ndi mbale. Apo ndiye ndinacheuka pang'ono. Ndinaona nkhalamba ya ndodo ikutafuna maso atatseka. Ndinaona azimayi a pakhonde pathu akutola kagawo kamodzikamodzi, mitu ili pansi. Aphunzitsi ndiwo ananyamula mbale ya mbali ya azimayi. Anayenda benchi ndi benchi mpaka anafika pa lomaliza la ololedwa, n'kuima. Pakati pa iwo ndi amayi panali malo okwana phazi limodzi. Amayi manja anali atawapinda pamiyendo, m'zikhadabo mukadali ufa, ndipo ankaimba nawo nyimbo motsitsa. Aphunzitsi anatembenuka n'kubwerera kutsogolo ndi mbale ija.

Amayi anadzabwezeredwa nthawi yokolola, ataimirira pamaso pa mpingo wonse n'kulapa tchimo limene sanachite. Ine sukulu ndinamaliza, ndipo ndinadzakhala mphunzitsi zaka zambiri, kumalangiza ana a eni ake za kuipa kwa bodza. Makalata ndinawalembera ambirimbiri, ena opita ku Halale amene sanayankhidwe. Koma nkhani ya botolo sitinaikambepo ngakhale kamodzi. Ndinkati ndidzayamba mawa, ndidzayamba pa Khirisimasi ikubwerayi, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda. Ndinavundukula zinthu zambiri pa moyo wanga, koma iyi yokha ndinaifunditsa, ndipo sindinganamizire Mulungu kuti ndinkadikira Iye. Anali mantha basi.

Koma tsiku la Khirisimasi lija zonsezi ndinalibe nazo ntchito. Titabwerako kutchalitchi amayi anawiritsa tiyi wa masamba a mandimu, n'kutulutsa kambale ka makoko kaja. Anali atawatenthetsanso pamakala, moti ankachita khofyokhofyo mkamwa. Anaika kambale konseko patsogolo panga. Ndinawafunsa kuti nanga inu, iwo n'kunena kuti, "Wophika amakhuta fungo. Idya." Ndinadya onse, mpaka kutola nyenyeswa ndi chala chonyowetsa malovu, uku ndikudandaulabe mumtima kuti chapakati chadyedwa ndi ena.

Ndinkadziona wopanda mlandu. Ndinkati amayi anena okha pamaso pa akulu kuti ndinanena zimene ndinaona, ndiye kuti sindinaname. Ndinkaganiza kuti anaiwala m'mawa uja anagwira dzanja langa n'kundilawitsa, ndiponso kuti anakhala chete pakhonde paja chifukwa choopa jekete la aphunzitsi. Mwina ndinkawamvera chisoni pang'ono kuti ndi munthu wosadziwa kudziyankhira. Ndinapukuta pakamwa, n'kuwafunsa ngati anandiona bwino nditanyamula nyali, poti anakhala kutali. Iwo anatola kambale kopanda kanthu kaja, n'kundichotsa kanyenyeswa pachibwano.

"Ndinakuona, mwana wanga," anatero. "Unainyamula bwino. Sinazime."

Ndipo ine ndinakondwa, n'kuthamangira panja kukasewera.